Nkhwazi Yotera pa Chisoti cha Eni

Munthu akafika m'tauni ya Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, amapeza zikumbutso zitatu: nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yochokera m'sitima ya Guendolen imene inathira nkhondo sitima ya Ajeremani mu 1914, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Pa zitatuzi palibe chokamba za ufulu. Anzathu a ku Zambia ufulu wawo anauumba ndi mkuwa: mumzinda wa Lusaka mwaima chiboliboli cha 1974 cha munthu amene akudula maunyolo. Ife wathu tinaupachika pa mbalame, nkhwazi imene ili pamwamba pa chidindo cha boma chimene dziko lino linalandira mu 1964. Tiyeni tiiyang'anitsitse mbalameyi, popeza timaiona tsiku ndi tsiku pa ndalama ndi pa makalata a boma koma osaipenda.

Choyamba tiyamikire. Wojambula sanaiike nkhwaziyo pa nthambi, ili phee. Anaijambula itatambasula mapiko, ikunyamuka pa mafunde, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Aliyense amene analawirirapo padoko la Monkey Bay, kumene ena amati ku Lusumbwe, amachidziwa chithunzichi: mutu ndi chifuwa zoyera mbuu, mapiko akuda, m'mimba mofiirira. Luso lagona pa mafundewo. Nkhwazi siikhala kutali ndi madzi, chifukwa chakudya chake chenicheni ndi nsomba. Potero chithunzichi chikuphunzitsa kuti ufulu uli ndi poponda pake, ndipo popondapo ndi chakudya chimene mwini wake wadzipezera yekha.

Koma maso akatsika pang'ono, nkhani isintha. Mafundewo pamodzi ndi nkhwazi yake akhazikika pa chisoti chachitsulo cha ankhondo akale a ku Ulaya, chimene sanavalepo Mchewa, Myao kapena Mtonga. Pakati pa chishango pali mkango wagolide m'bwalo lofiira, wojambulidwa monga mikango ya pa zidindo za mafumu a ku Mangalande. Mawu a m'munsi, onena za umodzi ndi ufulu, ali m'Chingerezi, chilankhulo chimene msodzi wa ku Msaka kapena ku Chembe sagulitsira usipa. Wina adzati umenewo ndi mwambo chabe wa kajambulidwe ka zidindo, ndipo sakunama. Komabe mwambo nawo umalankhula. Mbalame ndi yathu, phiri la Mulanje lili m'munsimo ndi lathu, koma chisa chimene tinaikonzera ndi chobwereka.

Nkhwazi yomweyi inadindidwanso pa ndalama yachitsulo ya K1. Lero ndalamayo ikagwa pamsika, ndi angati amene amawerama kuti aitole? Chizindikiro sichisunga ulemu mwa icho chokha ngati chimene chikuimira chatha mphamvu.

Chopweteka kwambiri chili ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park, malo otetezedwa chiyambire 1980 amene bungwe la UNESCO linawavomereza mu 1984. Kufupi ndi chilumba cha Thumbi, anyamata a maboti amaimba likhweru ndi kuponya nsomba pamadzi kuti alendo ajambule nkhwazi ikuwakha. Anyamatawo sitiwadzudzula, akusaka ya ufa. Koma taonani: mbalame imene tinaisankha kuimira kudzilamulira yaphunzira kudikira likhweru la wodyetsa. Kodi si mmenenso lilili dziko limene bajeti yake imayang'ana dzanja la othandiza akunja? Nayenso chambo akusowa, pamene maukonde a maso aang'ono ndi maneti a udzudzu akukokolola ndi tiana tomwe.

Mwina wina angafune kuti padoko la Monkey Bay paime nkhwazi yamkuwa yolingana ndi chiboliboli cha ku Lusaka. Ife Asilamu tikudziwa kuti maulama ambiri amaletsa kusema kapena kuumba zinthu zamoyo. Ngakhale titaika lamulolo pambali, mkuwa ungatipatse chiyani? Sulira, pamene nkhwazi imadziwika ndi kulira kwake, ikaponya mutu kumbuyo ndipo inzake n'kuyankha kutsidya. Qur'an, mu Surat Al-Mulk ndime 19, imatitumiza kukaona mbalame zamoyo zikutambasula ndi kupinda mapiko, kuti tizindikire kuti wozigwiriziza mlengalenga ndi Allah yekha. Chizindikiro chopambana tinapatsidwa kale, ndipo ndi amana imene tidzafunsidwa nayo.

Choncho chidindo chathu chinalondola pa mbalame ndi pa madzi, chinaphonya pa chisoti. Chisoticho angadzachotse ojambula a m'tsogolo. Madziwo ndiwo ali m'manja mwathu lero: kulemekeza nyengo yotseka nyanja, kukana ukonde wopha tiana ta nsomba, ndi kusiya mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja imene nkhwazi imamangamo zisa. Tikalephera pamenepa, zidzukulu zathu zidzaidziwira nkhwazi pa kapepala ka boma basi, itatera pa chisoti cha eni.