Kuchoka pa Wayilesi Kulowa m'Buku: Nthano za Julius Chongo

Osindikiza mabuku ali ndi chizolowezi chodikira kuti mmisiri wa mawu ayambe watchuka kwina, kenaka n'kumulondola. M'nkhani ino tikuunika chimene chimachitika ntchito yobadwira m'kamwa ikasamutsidwira papepala. Chitsanzo chathu ndi Julius Chongo, mwini pologalamu ya Poceza M'madzulo, imene inkamveka pa wayilesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Chongo sadapeze omvera kudzera mwa wosindikiza. Adawapeza m'midzi monga ya kwa Mlolo ndi kwa Zingalume m'boma la Chadiza, kumene wayilesi imodzi inkasonkhanitsa mabanja angapo. Akatswiri adabwera pambuyo. Ernst Wendland adamaliza kafukufuku wake wa nthanozi pa yunivesite ya Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 UNZA Press idatulutsa zina mwa izo m'buku, pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi.

Ntchito imeneyi njotamandika, pakuti mawu a pa wayilesi sachedwa kuzimirira. Komabe tiyenera kuvomereza kuti chimene chidalowa m'buku si chonse chimene chinkamveka. Chongo ankayankhula yekha m'malo mwa ampangankhani onse: nkhalamba, mwana, mfumu, aliyense ndi liwu lake. Papepala onsewo amavala zilembo zofanana. Vuto limakula tikafika pa mivekero. Mvekero ngati "zii" umadalira kutalika kwa mpweya ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, pamene kalembedwe kathu sikasonyeza n'komwe zimenezi. Wowerenga amene sadamvepo Chongo amaona mivekero yochuluka n'kuyesa kuti n'zokometsera chabe, chonsecho ndiyo inkayendetsa nkhani. (Dzina la buku limene iye mwini adalemba, Fumbi Khoboo!, likuchitira umboni kukonda kwake mivekero.)

Chinanso n'chakuti buku lidasintha omvera. Chingerezi choyikidwa pambali pa Chinyanja chikuulula amene ankaganiziridwa: ife a m'mayunivesite. Mlimi wa ku Chadiza, amene adakweza dzina la Chongo, adatsala kunja.

N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi a chiyankhulo kuti nthanozi asazipereke kwa ophunzira kuti aziwerenga chamumtima. Mmodzi aimirire, awerenge mokweza, asinthe liwu pa mpangankhani aliyense, ndipo anzake atsutsane naye za kutalika kwa mvekero uliwonse.