Mwamuna wa pa Khoma la Ometa

M'misika ngati ya Migowi ndi Chiringa, luso la ojambula ndi penti limaonekera kwambiri pa makoma ndi zikwangwani za nyumba zometera: mitu ya amuna itayang'ana kumbali, wina wa seda, wina wa mpala wonyezimira. Zithunzi zimenezi zikuchepa. M'malo mwake mukumatidwa mapepala osindikiza ochokera pa intaneti, a oimba ndi osewera mpira akunja, ndevu zoduliridwa bwino, khungu loyeretsedwa ndi kompyuta. Ine zimandiwawa, chifukwa pamodzi ndi pentiyo pakutayika maso oonera mwamuna wakwathu.

Ojambula akale sankagwirizana pa za mwamuna wooneka bwino. Michelangelo, pojambula Adamu padenga la tchalitchi cha Sistine pakati pa 1508 ndi 1512, anaika mtima pa minofu. Koma mu 1701 Hyacinthe Rigaud anajambula Mfumu Louis XIV ya ku France itapitirira zaka 60, ili ndi tsitsi loikirira lofika m'mapewa, nsapato zagogoda, mwendo utaponyedwa kutsogolo kuti anthu ausirire. Mnyamata wa lero akhoza kuseka, komatu uwo unali ulemu wa mwamuna pa nthawiyo.

Kwathu kuno kukongola kwa mwamuna kunkagona pa kaimidwe. Taonani chithunzi cha John Chilembwe cha mu 1914, ataima ndi mmishonale John Chorley. Thupi lonse labisika mu suti, chooneka ndi msana wowongoka ndi chipewa kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Samson Kambalu anachimvetsa chimenechi. Pa chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022, sanamuwonjezere Chilembwe chifuwa kapena mikono. Anangomukuza msinkhu kuposa mnzakeyo, chipewa n'kuchisiya pomwepo.

Wojambula wa pa khoma la ometa amachokera ku mtundu womwewo wa luso, ngakhale zida zake n'zosauka. Ndi penti yopakira zitseko ayenera kutulutsa khungu lakuda lamoyo, ndipo apa m'pamene pagona ntchito. Penti yakuda yokha imapha nkhope. Waluso amasakaniza yofiirira ndi yofiira, n'kudontheza yabuluu pang'ono m'mithunzi, kenaka kusiya kuwala pachipumi ndi pafupa la tsaya, pamene dzuwa limamenya munthu woyenda masana. Zofooka zilipo ndithu: makutu ena amakhala pamalo olakwika, ndipo nkhope zambiri zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Komabe mwamuna wa pa khomapo ukhoza kukumana naye pamsika. Wa pa pepala losindikiza uja ndi mlendo, ndipo amauza mnyamata wa ku Phalombe kuti kukongola ndiko kuyera khungu ndi mimba yamizeremizere.

Chonsecho amuna oti n'kuwajambula ali ponseponse: msodzi wa ku nyanja ya Chilwa, wakabaza wa akatumba olimba, mkulu waimvi wovina tchopa atavala zikopa ndi nthenga, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamuzindikira mu 2014. Eni nyumba zometera, itanani ojambula a m'dera lanu, muwalipire moyenera, akujambulireni amuna amenewa.