Parnas anaphunzitsa popanda galu kapena mphaka

Mabuku ambiri ophunzitsa object-oriented programming amayamba ndi galu. Amati galu ndi nyama, amauwa. Mphaka nayenso ndi nyama, amalira. Wophunzira amavomera, koma akakhala pa kompyuta kuti alembe pulogalamu yowerengera malipiro a antchito amasowa pogwira, pakuti m'menemo mulibe nyama.

N'chifukwa chake ndimasirira nkhani imene David Parnas, ali pa Carnegie Mellon University, analemba mu 1972 m'magazini ya Communications of the ACM. Ankanena za kagawidwe ka pulogalamu m'zigawo, koma mfundo yake ndi imene object yolembedwa bwino imatsamirapo. Chitsanzo chake chinali kapulogalamu kotchedwa KWIC: kamalandira mizere ya mawu, kamachotsa liwu loyamba n'kuliika kumapeto mobwerezabwereza, kenako kamasanja zonse motsata alifabeti. N'kakang'ono, moti kamakwana konse m'mutu mwa wowerenga.

Kapulogalamuko anakagawa kawiri. Koyamba anatsata ndondomeko ya ntchito, monga aliyense akanachitira: kulandira, kusuntha, kusanja, kutulutsa, zigawozo zikudziwa mmene mizere yasungidwira. Kachiwiri, chigawo chilichonse anachipatsa chinsinsi chake. Chosunga mizere chokha ndicho chimadziwa kasungidwe. Zinazo zimangopempha kuti, ndipatseni chilembo chakuti cha liwu lakuti la mzere wakuti.

Luso lenileni lili pa funso limene anafunsa pambuyo pake: mawa chingasinthe n'chiyani? Bwanji mizere itachuluka mpaka kusakwana mu memory? Bwanji titasintha kapanikizidwe ka zilembo? M'kagawidwe koyamba, kusinthako kumagwedeza pafupifupi chigawo chilichonse. M'kachiwiri, umakonza pamalo amodzi basi. Mapulogalamu awiriwo amatulutsa zofanana, ndiye wowerenga amaona yekha, popanda womuuza, kuti kusiyana kwake kuli pa thukuta la amene adzawakonze. Phunziro limeneli galu sangalipereke, chifukwa palibe amene amadzuka tsiku lina n'kulamula kuti galu akhale ndi miyendo isanu, pomwe mwini pulogalamu amasintha maganizo mwezi ndi mwezi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti Parnas sanalekerere ngakhale kagawidwe kake kabwinoko. Anaonetsa kuti chigawo chosuntha mawu chinaulula zochuluka kuposa zofunikira, pakuti chinalonjeza dongosolo limene mizere yosunthidwayo idzatulukire, ndipo lonjezo limenelo linamanga manja aliyense amene angadzafune kuchilemba mwa njira ina.