Scary Movie 5: mantha zii, phwete zii

Loweruka lapitali chisanu chathu cha pa Dedza chitatitsekera m'nyumba, mphwanga anatulukira ndi filashi. "Achimwene, iyi ndiye museka mpaka nthiti kuwawa." Inali Scary Movie 5, ya 2013, yomwe anatsogolera Malcolm D. Lee. Tinaonera anthu asanu. Anasekako ndi mmodzi, ndipo ankaseka mphaka yemwe anagwetsa mbale kukhitchini.

Filimuyi ikuyamba ndi Charlie Sheen ndi Lindsay Lohan ali pabedi, akudzitonza okha pa mbiri zawo zonunkha zija. Ngati simutsata miseche ya ku Hollywood, palibe chomwe mutolepo. Kenako imangodumphadumpha ngati chiwala: apa ikunyogodola Paranormal Activity, apo Mama, uko Black Swan, mwadzidzidzi kwabwera anyani. Abale, kungondikumbutsa filimu ina si nthabwala ayi. Nzeru zikawathera, wina amenyetsa mutu, wina agwa chagada, basi. Ashley Tisdale akuyesetsa ndithu, koma anam'patsa khasu lopanda mpini.

Chomwe chandipweteka n'chakuti ife kuno mantha ndi phwete tinakula nazo pabwalo limodzi. Amene munaimako Gule Wamkulu akutuluka mukudziwa. Chilombo chikakulunjika, mtima umagunda, miyendo imayamba yokha kufuna njira. Ndiye pomwepo chimatembenuka, n'kuchita kanthu kopusa, bwalo lonse kugwa nako kuseka. Kuseka kumeneko n'kwa munthu amene wapulumuka. Ngakhale Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa uja, ana amayamba am'thawa kaye asanamuseke. Okaika kafikeni ku Chamare Museum ku Mua, mukaone nkhope zimenezi pafupi.

Scary Movie 5 siyiopsa ngakhale mphindi imodzi, ndiye tipulumuke ku chiyani? Yoyamba ija ya 2000, ya Keenen Ivory Wayans, inali yamwano, inde, koma inkaidziwa Scream mpaka kuchipinda, moti inkakugwira pakhosi kaye kenako n'kukugirigisha. Muno a Wayans mulibe, Anna Faris mulibe. Mwangotsala dzina ndi nambala, ngati golosale yotsekedwa yomwe chikwangwani anaiwala kuchotsa.

Batire ya laputopu inathera pomwepo, magetsi atazima kale. Filashi ndinam'bwezera mphwanga, ndipo ndamuuza kuti sabata yamawa abwere ndi Izeki ndi Jakobo, apo ayi akhale kwawo.