Masiku Amene Nthano Zimalumpha: Mlenje wa Uta M'zolemba Zathu

Munthu wa ku Lobi akafuna kuona zojambula zamakedzana za pamiyala sayenda ulendo wautali, popeza phiri la Mphunzi lili pafupi. Phirili ndi limodzi mwa malo 127 a m'dera la Chongoni, m'boma la Dedza, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zojambula zoyera zidajambulidwa ndi makolo athu Achewa, pamene zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, akatswiri amati ndi za Akafula, anthu amene ankakhalira uta ndi muvi. Tsiku limene ndidakaima koyamba pamiyalapo, maso anga ankafunafuna mlenje atakoka uta, nyama ikugwa patsogolo pake. Sindidamupeze. Zofiira zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira. Tanthauzo lake ndi nkhani ya akatswiri, koma ine chidandikhudza n'chakuti anthu amene moyo wawo wonse udali pa muvi sadataye nthawi kudzitama ndi tsiku lakupha.

Ife olemba ndi ofotokoza nthano timachita zosiyana. Mlenje wa m'nkhani zathu timamuona pamphindi imodzi yokha, muvi ukulowa m'nthiti za mbawala. Masiku onse amene iye adabwera chimanjamanja, nabwereranso kuthengo m'mawa mwake, timawalumpha. Ine ndikuti pamenepo timataya mutu weniweni wa nkhani ya ulenje, chifukwa funso lalikulu pa munthu wa uta ndi lakuti chimamudzutsanso n'chiyani pamene dzulo ndi dzana adaphonya.

Tiyambe ndi nthano. Ambirife tidakula tikumva ya mlenje amene adakwatira mkazi wachilendo, mkaziyo namunyengerera kuti asiye agalu ake kunyumba popita kuthengo. Atafika kutali mkazi uja adasanduka chilombo, mlenje adathawira mumtengo nayamba kuitana agalu ake mayinamayina mpaka adadula zingwe n'kudzamupulumutsa. Nthanoyi ndi yokoma ndipo ana amaimvera kukamwa kuli yasa. Koma taonani mmene imachitira ndi ulenje weniweniwo. Imangotiuza kuti munthuyu adali katswiri, sankabwera wopanda nyama. Ulendo wonse wa m'thengo umathera m'mawu atatu: adayenda, adayenda, adayenda. Uta ali nawo paphewa ngati chizindikiro chabe, monga mmene mfumu ya m'nthano imakhalira ndi mpando. Sitimva thukuta lake, njala yake, kapena maganizo amene amamufikira dzuwa likamapendeka m'phodo mivi ikadali yonse.

N'chimodzimodzinso ndi zimene timasimba za Akafula. Timawakumbukira ndi dzina lakuti Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukawayankha kuti wawaonera pafupi ankakulasa ndi muvi wa ulembe. Pamene katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark adakumba paphanga la Mwana wa Chencherere m'chaka cha 1972, adapeza timiyala tating'onoting'ono tosemedwa mwaluso, ntchito yofuna munthu wokhala pansi nthawi yaitali osatopa. Nthano yathu idasunga ukali wa anthuwa, kudekha kwawo n'kukutaya.

Nthano tingaikhululukire. Imanenedwa usiku pamoto, kwa ana amene tulo tili pafupi, ndipo wonenayo akachedwa pamalo amodzi, oyankha kuti "tili tonse" amayamba kuchepa. Koma wolemba nkhani yaifupi kapena buku ali ndi pepala, ndipo pepala silisinza. Komabe ndikawerenga nkhani zachinyamata zimene zimatifika m'mipikisano, mlenje akatulukamo amakhala yemwe uja wa m'nthano: wakoka, walasa, wasenza. Tatengera liwiro la nthano popanda chifukwa chimene chidaipatsa liwirolo.

Ndikudziwa chimene chikusowacho chifukwa ndidachiona ndi maso. Atsibweni anga, amene adatisiya kale, adali mmodzi mwa anthu omaliza m'mudzi mwathu kusunga uta. Mivi ankapanga okha ndi bango, nsonga yachitsulo, kumbuyo nthenga. Ankati uta wawo umapha bwino nyama ikakhala pamtunda wa mapazi 20 kapena 30 basi. Kuti munthu afike pafupi chotero ndi gwape, ayenera kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kuponda popanda kuthyola kamtengo, ndi kuima chilili pamene nyama yatukula mutu, ngakhale nyerere zikumuluma. Akatha zonsezo, gwape amatha kumva kulira kwa nsinga n'kudumpha muvi usadafike. Pa maulendo khumi, asanu ndi awiri kapena kuposa ankabwera opanda kanthu. Tsiku lina ndidawafunsa ndili mnyamata: "Atsibweni, bwanji osangosiya? Anzanu amatchera misampha n'kumagona." Iwo adaseka nati, "Mphwanga, ndani wakuuza kuti ndabwera wopanda kanthu? Lero ndadziwa pamene imamwera."

Yankho limenelo ndilo chinthu choyamba chimene chinkalimbitsa mtima wa munthu wa uta, ndipo m'zolemba zathu mulibe. Iye sankawerenga tsiku ndi nyama yokha. Tsiku lophonya linkamusiyira chidziwitso: kanjira kamene insa imadutsa m'bandakucha, chitsamba chimene yadya, mbali imene mphepo imatembenukira dzuwa likakwera paphiri. Kufupika kwa uta ndiko kunkamukakamiza kuphunzira zonsezi, ndipo kuphunzirako kunkasandutsa kulephera kwa lero kukhala chiyambi cha ulendo wa mawa. Wolemba amene angamvetse zimenezi angapeze nkhani yathunthu m'tsiku limodzi lopanda magazi.

Chinthu chachiwiri chidali anthu. Pa uzimba, pamene amuna a midzi ingapo ankatuluka pamodzi m'chilimwe ndi agalu, zibonga, mikondo ndi mauta, padali malamulo a kagawidwe. Wolasa poyamba ndiye ankatchedwa mwini nyama, womaliza ankalandira gawo lake, mfumu yamalo inkalandiranso lake, ndipo kumudzi nyama inkayenda m'mbale kupita kwa abale. Choncho wophonya lero ankadya kwa mnzake, podziwa kuti tsiku lake likadzafika nayenso adzagawa. Nkhuli yokha sikadamuyendetsa munthu masiku onsewo. Chinkamuyendetsa ndi ngongole ya mbale zimene adalandira. M'nthano mlenje amakhala yekha ndi agalu ake, koma mlenje weniweni ankanyamula mudzi wonse m'maganizo.

Pamene nthano zalumpha, miyambi ndiyo idatola. Malemu Pulofesa J.C. Chakanza adasonkhanitsa miyambi 2,000 m'buku lake la m'chaka cha 2000, ndipo tiyenera kuthokoza ntchito yotero. Koma ife aphunzitsi ndi olemba timaitenga miyambiyi ngati ndalama zachitsulo, kuiponya kumapeto kwa ndime popanda kufunsa kumene idasulidwa. Tengani wakuti chetechete sautsa nyama. Timauuza ana kuti ukhale wolankhula ukakhala ndi vuto, ndipo n'zoona. Koma mwambiwu udabadwira pa uzimba, pamene ena amapanga phokoso kuti nyama idzambatuke ithamangire kwa olalira. Kwa munthu woyenda yekha ndi uta, kuutsa nyama ndiko kulephera kumene. Iye mwambi wake ndi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyambi iwiriyi imaoneka ngati ikutsutsana, koma ikunena za maulenje awiri osiyana, ndipo nzeru yake ili pa kudziwa kuti lero uli pa ulenje uti. Wophunzira amene wangoiloweza kuti akakhoze mayeso sangaone zimenezi.

Palinso wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulasa m'maso. Anthu amene adaupeka ankadziwa kuti muvi umaoneka ukamabwera, ndipo wochenjera ali ndi kamphindi koti n'kulewa. Munthu wa m'nthawi ya mfuti sakadaupeka, pakuti chipolopolo palibe amachiyang'anira. M'mwambi umodziwu muli chifukwa chonse chimene mlenje wa uta ankaphonyera kawirikawiri. Ndipo pofika kunyumba ali wolema, padali wina womutonthoza, wakuti tsiku limodzi siliwoza mbewa. Zimene zalephereka lero zikhoza kudikira mawa. Ndikaika miyambi imeneyi pamodzi ndimaona kuti makolo athu adaganizira mozama za kudikira ndi kuphonya, kungoti adazisunga m'mawu ochepa, n'kutisiyira ife ntchito yozitambasula.

Chinthu chachitatu n'chowawa, ndipo wolemba woona mtima sayenera kuchibisa. Mwambo unkafuna kuti mwamuna asagone ndi mkazi wake usiku woti mawa apita ku uzimba, ndiponso kuti mkazi wotsala kumudzi adzisunge. Zinthu zikalakwika kuthengo, nyama ikasowa kapena munthu akavulala, maso ankatembenukira kumudzi. Chikhulupiriro chimenechi chinkamuteteza mlenje kuti asadzione wopanda pake, popeza cholakwa sichidali m'dzanja lake. Koma mtima wake unkalimba pamsana pa munthu wina. Ndimakumbukira mmene akazi a atsibweni anga ankakhalira chete amuna awo akabwera opanda kanthu masiku atatu otsatizana, akumvetsera ngati apongozi ayamba kunong'ona. Mayi ameneyu, wodikira pakhomo ndi mphika wa masamba, akudziwa kuti kuphonya kwa wina kungasanduke mlandu wake, sindidakumane naye m'nthano iliyonse ya mlenje imene ndidamva. M'nthano mkazi wa mlenje amakhala chilombo chobisala. Kodi si pamenepa pamene cholembera chathu chikadayenera kuima?

Nkhani ya Kaphirintiwa, malo a m'mapiri a Dzalanyama amene Achewa amati ndiko kudayambira anthu, ikadatithandiza kuona kukula kwa mutuwu. Imati poyamba anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira munthu adapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zidathawa, zochepa monga galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba paulusi wa kangaude. Kuyambira pamenepo pali mtunda pakati pa munthu ndi nyama, mtunda umene adaupanga yekha. Mlenje wamfuti amaulumpha mtundawo ndi wonga. Wa uta amayenera kuufupikitsa ndi mapazi ake, pang'onopang'ono, mpaka amve nyama ikupuma. Ndiponso ambiri amati dzina lakuti Chauta lili pachibale ndi liwu lakuti uta, monga timanenera uta wa Leza mvula ikakata. Chida chimene chili pafupi chotero ndi dzina la Mulungu sichiyenera kungokhala chokongoletsa paphewa la munthu wa m'nkhani.

Pasakhale wondimva molakwa ngati ndikuitana achinyamata kuti akasake. Lamulo loteteza nyama zakuthengo la m'chaka cha 1992, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limaletsa kupha nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo ngakhale pakadapanda lamulo, matchire ambiri ozungulira Lobi adasanduka minda ya chimanga ndi madimba a mbatatesi ndi kabichi. Ulenje wa uta udapita, ndipo nyama zotsalazo n'zofunika kuzisunga. Chimene chili pangozi tsopano ndi mawu ndi nzeru zake. Mwana wa lero ukamufunsa kuti phodo n'chiyani, kukunga uta n'kutani, ulembe unkapakidwa pati, amangoti kukamwa pululu. Munthu amene adalemba mwatsatanetsatane za ulenje wa Amalawi ndi Brian Morris, m'buku lake la m'chaka cha 1998, ndipo adalemba m'Chingerezi. Mdzukulu wa mlenje wa ku Mphunzi ayenera kuphunzira chinenero cha eni kuti adziwe mmene agogo ake ankayendera m'thengo. Mlandu umenewu ndi wathu, olemba m'Chichewa.

Pempho langa kwa anzanga ndi laling'ono. Nkhalamba zimene zidagwirapo uta zikadalipo zowerengeka m'midzi ya ku Dedza, ndipo sizikhala nafe nthawi yaitali. Tikapita kukacheza nazo tisafunse za tsiku limene zidapha nguluwe yaikulu, chifukwa nkhani imeneyo zidainena kale kambirimbiri ndipo idasalala ngati mwala wa mumtsinje. Tifunse za sabata imene sizidaphe kanthu: zinkaganiza chiyani pobwerera, zinkalowa bwanji m'mudzi, mayi a kunyumba ankati chiyani, ndipo chidazidzutsa n'chiyani tambala atalira. Tifunsenso agogo aakazi padera, amuna awo palibe.

Uta wa atsibweni anga udakhala patsindwi zaka zambiri mpaka udadyedwa ndi anankafumbwe, ndipo palibe adaganiza zousunga. Chimene ndidatsala nacho ndi madzulo amodzi aja, iwo atakhala pakhonde akuwongola muvi pamoto, m'nyumba mukununkhira nkhwani wopanda nyama, akundifotokozera malo amene gwape amamwera ngati munthu amene wabwera ndi katundu wolemera. Nkhani ya madzulo amenewo sindidaiwerengepo m'buku lililonse la Chichewa, ndipo ndikuidikirabe.