Wailesi, Kanema ndi Foni: Cithandiza Mwana wa ku Chama Kuwerenga ndi Citi?

Aphunzitsi, zida zotumizira mau ndi zithunzi zalowa kale m'nchito yathu, ndipo ciliconse cibwera ndi oticititsa kaso kuti cidzathetsa bvuto la ana osadziwa kuwerenga. Musanacilandire, ciyeseni ndi zimene mwana wa giredi 1 afunika kucita pa ola la kuwerenga. Ayenera kumva mvekero, kuuchula ndi pakamwa pace, kuona lembo lace, kulilemba ndi dzanja, ndipo pakhale munthu womumvetsera ndi kumukonza akaphonya. Cida cabwino cithandiza pa zina mwa izi ndi kukusiyirani mpata wocita zotsalazo. Cida cimene cilankhula cokha kuyambira poyamba mpaka pothera cikulandani kalasi, ngakhale cikhale cokongola motani.

Muyeso umenewu ulimba kwambiri m'boma la Chama. Ana ambiri a kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa alankhula Cisenga kunyumba, cinenero cimene cili pafupi ndi Citumbuka, koma kusukulu aphunzira kuwerenga m'Cinyanja. Cisenga siciri pakati pa zinenero 7 zimene Unduna wa Maphunziro unasankha, zomwe ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Pamene Cinyanja citi dzina, dzuwa ndi madzi, Citumbuka citi zina, zuwa ndi maji. Conco mwana amene khutu lace linazolowera mau a kwao akhoza kulemba "zina langa" osaona colakwa, pakuti mvekero wa dz sanaumvepo kwenikweni. Amene adziwa cifukwa cace ndinu. Cida copangidwa ku Lusaka sicidziwa.

Tiyambe ndi wailesi. M'caka ca 2000 nthambi ya Unduna yoona za maphunziro a pa wailesi, Educational Broadcasting Services, inayamba kuulutsa Learning at Taonga Market, mothandizidwa ndi USAID ndi Education Development Center. Maphunzirowa anakonzedwera ana amene sanali pasukulu, makamaka amasiye ndi a kumidzi yakutali, ndipo anali kumveka pa ZNBC. Phunziro lililonse linali la mphindi 30. Ana anali kusonkhana pansi pa mtengo kapena m'chalichi, pamodzi ndi mlangizi wodzipereka wa m'mudzi momwemo, ndipo m'malo ambiri wailesi inali yopukusa ndi dzanja, yosafuna mabatire.

Nzeru yaikuru ya olemba maphunziro aja inali m'mipata imene anasiya. Mphunzitsi wa pa wailesi anali kufunsa funso n'kukhala cete kuti ana ayankhe. Anali kuuza mlangizi kuti alembe pa bolodi, aitane mtsikana mmodzi, kapena amasulire m'cinenero ca anawo, pakuti mau ambiri anali a Cingelezi. Kumeneko kunali kubvomereza kuti wailesi ilibe maso ndi makutu, ndipo ifunika munthu m'kalasi. Pa ici, Taonga Market iposa zida zambiri zodula zimene zinabwera pambuyo pace.

Koma ili ndi zofooka zimene simuyenera kuzibisa. Mpata wa pa wailesi ndi umodzi dziko lonse. Mwana wa ku Chipata wolankhula Cicewa kunyumba ayankha msanga, pamene wa ku Chama ayamba wamasulira mumtima, ndipo pomwe atsegula pakamwa wailesi yapita kale patsogolo. Ndiponso ana akayankha onse pamodzi, mau a ocenjera asanu aphimba anzao makumi anai amene angotsegula milomo. Wailesi iyamika onse mofanana, wokhoza ndi wophonya yemwe. Cina, wailesi siingaonetse kuti b ayang'ana kuti ndipo d ayang'ana kuti. Iphunzitsa khutu, koma diso ndi dzanja zitsalira inu.

Wailesi yakanema inayesedwa pa nthawi ya COVID-19. Masukulu atatsekedwa pa 20 March 2020, ZNBC inatsegula canelo ya maphunziro ya TV4. Kanema aposa wailesi pa cinthu cimodzi: aonetsa milomo ya wochula mvekero ndi dzanja la wolemba lembo. Komabe afuna magetsi ndi cida cokokera zithunzi, zimene mabanja ambiri olima mpunga m'cigwa ca Luangwa alibe. Ngakhale kumene zilipo, mwana wa zaka 7 aonerera phunziro monga aonerera sewero, manja ali pa mawondo. Wa giredi 7 amene adziwa kale kuwerenga akhoza kutolapo kanthu. Wa giredi 1 amene sanagwirepo bwino pensulo atolapo zocepa.

Nanga tabuleti? ZEduPad ya iSchool inabwera ndi maphunziro a pulaimale oikidwiratu mkati, a Cingelezi ndi zinenero za m'Zambia, osafuna intaneti. Ubwino wace ndi wakuti mwana abwereza mvekero kangapo konse monga afunira, cimene wailesi siilola. Koma mwana akhoza kukhudza yankho loyenera pa galasi mwa kungoyesa limodzilimodzi mpaka cida cimuyamike, iye osachula kanthu. Ngati sukulu yanu ili ndi matabuleti, khazikani ana awiriawiri, wina achule mokweza, mnzace amvetsere, ndipo onse alembe liulo m'buku asanapite patsogolo.

Cida cimene cili kale m'thumba mwanu, foni, ndico cingathandize koposa, makamaka cikatumikira inu m'malo mwa mwana. Uthenga wa mau wa pa WhatsApp uyenera nchito ya mvekero. Mphunzitsi amene anakulira ku Kasama kapena ku Mongu, natumizidwa ku Chama, akhoza kupempha mnzace wa m'zoni kuti amujambulire kachulidwe ka dz, ts, ps ndi ng', namvetsera usiku asanaphunzitse. Nthawi ya mvula, mitsinje ikadzala ndipo msonkhano wa aphunzitsi walephereka, cithunzi ca bolodi la mnzanu cifika kumene njinga siingafike. Uthengawo ukangolowa pamene mwapeza netiweki, ukhala m'foni ndipo muumvetsera kangati konse. Kwa makolo, uthenga waufupi wolemba ufika ngakhale pa foni ya mabatani: "Lero taphunzira m. Mwana akuuzeni zinthu zitatu za m'nyumba zoyamba ndi m."

Cenjerani ndi zolembedwa zoyenda m'magulu a pa foni. Zambiri za pa Facebook ndi WhatsApp zitsata kalembedwe ka ku Malawi, kamene kalemba chimanga ndi ntchito pamene mabuku athu alemba cimanga ndi nchito. Kalembedweko n'kolondola kwao. Koma kwa ife ch aimira mvekero wina, wotuluka ndi mpweya, monga m'liu lakuti kuchula. Mwana amene dzulo munamuphunzitsa ca, ce, ci, co, cu asokonezeka akaona chi pa liu lomwe lija. Zina zilembedwa m'Cinyanja ca m'tauni ya Lusaka, cosakaniza ndi Cibemba ndi Cingelezi. Foni nayo isintha yokha mau a Cinyanja kuti afanane ndi a Cingelezi. Musakopere pa bolodi nthano ya pa foni musanaiwerenge liu ndi liu ndi kuifananiza ndi buku la ophunzira.

Tsono mukafuna kugwiritsa nchito phunziro lojambulidwa, la pa wailesi kapena la pa foni, citani motere. Limvetsereni nokha poyamba, ndipo lembani mau amene ana olankhula Cisenga angakhumudwepo. Lembani pa bolodi malembo ndi maphatikizo a tsikulo musanatsegule cida. Ngati ndi lojambulidwa, liimitseni pa funso lililonse ndipo tanthauzirani m'Cisenga pamene pafunika. Lekani kufunsa kalasi yonse nthawi zonse. Itanani ana atatu, mmodzimmodzi, makamaka a kumbuyo. Cida cisadye nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo anai a ola la kuwerenga. Yotsalayo ikhale ya kuwerenga m'buku ndi kulemba, inu mukuyenda pakati pa madesiki.

Pa mapeto a sabata yesani cidaco monga muyesera njira ina iliyonse. Tengani ana khumi, aliyense awerenge yekha mau asanu a mvekero wa sabatayo ndi kulemba awiri omuuza. Ngati amene anali kulemba maji ayamba kulemba madzi, pitirizani naco. Ngati ana adziwa nyimbo zonse za m'phunziro koma alephera kuwerenga liu lolembedwa pa bolodi, cepetsani nthawi ya cidaco sabata yotsatira, ndipo uzani anzanu pa msonkhano wa aphunzitsi zimene mwapeza.