Chitowe, Madzi ndi Ufa wa Kuzu

Pa phiri la Koya, m'chigawo cha Wakayama ku Japan, pali mudzi wa akachisi wotchedwa Koyasan, womwe mmonke wachibuda, Kukai, anauyambitsa m'chaka cha 816. Chakudya chamwambo cha amonke akumeneko, shojin ryori, sichilola nyama kapena nsomba. Ngakhale adyo ndi anyezi amasala. Nanga mafuta thupi liwatenge kuti? Mwa zina amawapeza m'chitowe, kanjere komwe pafupifupi theka lake ndi mafuta okhaokha. Amachipera nkupanga goma-dofu, kachidutswa koyera mbee, kosalala, kamene kamanjenjemera ukangogwedeza mbale.

Zofunika n'zitatu basi: chitowe, madzi ndi ufa wa muzu wa chomera chotchedwa kuzu. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa wophika alibe pobisala. Palibe tomato kapena tsabola woti aphimbe kulephera kwake.

Ku Koyasan chitowe sachikazinga. Amachiviika, nkuchichotsa makoko mpaka kutsale mtima woyera wokha. Anzawo a ku Eiheiji, kachisi wa Zen wa ku Fukui, amayamba achikazinga, ndipo yawo imatuluka yoderako, yafungo lamphamvu. Ine mtima wanga uli ku ya ku Koyasan. Fungo la chitowe chokazinga limakopa aliyense mosavuta, koma kuti chachiwisi chikome popanda kuwawa pamafunika dzanja lodziwa.

Kenako kupera. Mbale yoperera, suribachi, ndi yadothi, ndipo mkati mwake muli timizere tosongoka tochuluka. Kamunsi kake, surikogi, odziwa amakonda ka mtengo wa sansho chifukwa n'kolimba. Sasinja monga timachitira nsinjiro mumtondo ayi. Dzanja limodzi limagwira kumutu kwa kamunsi osasuntha, linalo limazunguza kumunsi kwake, njere zikuphwanyikira m'timizere muja. Madzi amathira pang'onopang'ono. Ukathira ambiri msanga, njere zimangoyandama nkumathawa kamunsi. Ukaumira, zimamatirira m'mizere. Woperayo amamva ndi khutu pomwe ntchito yafika: phokoso la kukhukhuluza limazilala, nkuyamba kumveka lonyowa, lofewa. M'akachisi ntchito imeneyi amaiona ngati gawo la kudziphunzitsa kudekha, ndipo wothamanga amagwidwa ndi lilime la wakudya, chifukwa timisere totsala sitibisika. Akatha amasefa pansalu, nkufinya mpaka mkaka wonse wa chitowe utuluke.

Ufa wa kuzu nawo uli ndi amisiri ake. Wotchuka ndi wa ku Yoshino, m'chigawo cha Nara, komwe mizu amaikumba nyengo yozizira, nkuiphwanya, nkutsuka ufawo m'madzi ozizira mobwerezabwereza mpaka uyere. Ndi wodula, n'chifukwa chake ena amasakanizako ufa wa mbatata, koma zotero zimauma gwa m'malo motamuka.

Pamoto ndi pomwe mmisiri amaonekera. Mkaka uja akausakaniza ndi kuzu, poyamba umangokhala madzimadzi ngati palibe chikuchitika. Mwadzidzidzi pansi pa poto pamayamba kugwirana. Ukangosiya kutakasa pamenepo, zibuluma zabadwa, ndipo sizichokanso. Mthiko umalemera, mkono umawawa, koma kulimba kumeneku si kupsa. Ayenera kuvundulabe kwa mphindi zina zambiri, akupala pansi kuti pasapserere, mpaka fungo la ufa wauwisi lithe ndipo phalalo liyambe kunyezimira ndi kutsika pamthiko motamuka. Ndiyeno amathira m'chikombole chonyowetsa, nkuziziritsa m'madzi. Patebulo imabwera ndi kadontho ka wasabi ndi msuzi wa soya pang'ono.

Yopangidwa chonchi sichedwa. Ikagona nthawi yaitali mufiriji imauma nkutaya kusalala kuja, kotero yokoma kwenikweni ndi ya tsiku lomwelo, monga yomwe amapatsa alendo ogona m'akachisi a pa phiripo.

Chodabwitsa n'choti Japan imalima chitowe chochepetsetsa, makamaka pa kachilumba ka Kikaijima. Choposa 99 peresenti ya chomwe amadya chimachokera kunja, ndipo chambiri ndi cha ku Africa: Nigeria, Burkina Faso, Tanzania, Mozambique. Chimafika ku doko chitamwetedwa ndi manja, chitaumitsidwa m'mitolo yoimika, ndi kupunthidwa ndi alimi omwe ambiri a iwo goma-dofu sanaimvepo n'komwe.